Dzina pa Mndandanda: Kodi Wolangidwa Akadandaule Kuti?

M'midzi mwathu muno, kaya ndi kwa Angoni a Mpezeni kaya ndi kwa Achewa a Gawa Undi, muli lamulo limodzi limene nyakwawa iliyonse imalidziwa. Mlandu ukafika pa bwalo, wodandaula amayamba kuyala mau ake, kenaka nduna zimatembenukira kwa woimbidwa mlandu kuti nayenso anene zake. Ngakhale mbuzi yosowayo itapezeka chimangire kuseri kwa nyumba yake, amamufunsabe kuti inafikapo bwanji. Mfumu yogamula itangomva mbali imodzi imadzichotsera yokha ulemu. Lamulo lomweli ndi limene Nikodemo anakumbutsa akuluakulu anzake pamene ankafuna kutsutsa Ambuye Yesu asanawamve (Yohane 7:51).

Mwezi uno tiyeni tiunike pamodzi mtundu wina wa chilango umene umagwera munthu asanafunsidwe kanthu. Tikunena zilango za chuma zimene maiko amapereka kwa maiko anzawo kapena kwa anthu otchulidwa maina, zija pa wailesi amazitcha masankishoni. Wina anganene kuti zimenezi ndi za akuluakulu a ku New York ndi ku Brussels, sizikhudza mlimi wa ku Chiparamba kapena mayi wogulitsa tomato pa msika wa Kapata. Koma mbiri ya dziko lathu ikukana zimenezo, ndipo funso limene anthu ena anapita nalo ku makhoti a ku Ulaya ndi lomwelo limene timakumana nalo m'miphakati mwathu.

Zambia inalawapo kale

Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith ndi azungu anzake a ku Rhodesia anagalukira Britain nalengeza ufulu wawo, pofuna kuti anthu akuda asalamulire dzikolo. A Kenneth Kaunda anapempha Britain kuti itumize asilikali, koma iyo inasankha njira ya kuletsa malonda. Mu Disembala chaka chomwecho inaletsa mafuta opita ku Rhodesia, ndipo Smith pobwezera anatseka mafuta obwera kuno. Bungwe la United Nations linaika ziletso zomanga maiko onse mu Disembala 1966, ndipo mu Meyi 1968 linaziwonjezera kuti zikhudze pafupifupi malonda onse.

Chilango chinali cha Smith, koma mkwapulo unafikanso pa msana wa Zambia, imene inali itangotha chaka chimodzi chilandirire ufulu. Njanji yotulutsira mkuwa wathu inkadzera ku Rhodesia, malasha a ku migodi ankachokera ku Wankie, ndipo makina opangira magetsi pa Kariba anali tsidya lawo. Petulo anayamba kugulitsidwa mopima. Mafuta ena ankabwera pa ndege, ena m'migolo pa malole ochokera ku Dar es Salaam, ndipo ena ankafika pa sitima ku Salima m'Malawi n'kudzera pa msewu wathu wa Great East, kupyola mu tauni ino imene nthawiyo inkatchedwa Fort Jameson. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, yomalizidwa mu 1968, ndi njanji ya TAZARA, yomalizidwa mu 1975, zinabadwa m'mavuto amenewa. Malire anatsekedwa mu Januwale 1973, ndipo mu Okutobala 1978 boma linakakamizika kutsegulanso njanji ya kumwera kuti feteleza afike mvula isanagwe.

Sitikunena kuti makolo athu anavutika pachabe, popeza Zimbabwe inalandira ufulu wake mu Epulo 1980. Koma taonani izi. Mu 1978 lipoti la Thomas Bingham, loya amene boma la Britain linamutuma kukafufuza, linaulula kuti mafuta a makampani a Shell ndi BP ankalowabe m'Rhodesia kwa zaka zambiri kudzera ku Mozambique ndi ku South Africa. Palibe amene anazengedwa mlandu. Kampani ya Lonrho, imene paipi yake yochokera ku Beira kupita ku Umtali inaleka kugwira ntchito chifukwa cha ziletso, inasumira makampani awiriwo, koma mu 1981 khoti lalikulu la ku Britain linakana dandaulo lake. Ngati kampani yolemera chotero inabwerako chimanjamanja, nanga mlimi amene chimanga chake chinachita chikasu podikira feteleza akanagogoda pa khomo la yani?

Kuchoka pa dziko lonse kufika pa maina

Zilango zogwera dziko lonse zinaonetsa nkhanza zake poyera ku Iraq, kumene zinaikidwa mu Ogasiti 1990. Mankhwala ndi chakudya zinasowa, ana ankafa, koma Saddam Hussein anakhalabe pa mpando. Akuluakulu awiri a United Nations oyang'anira chithandizo m'dzikomo, Denis Halliday ndi Hans von Sponeck, anatula pansi udindo, wina mu 1998 wina mu 2000, pokana kukhala mbali ya zimenezo. Apapa John Paul II anadandaulira kawirikawiri anthu a ku Iraq, ndipo ali ku Cuba mu Januwale 1998 anadzudzula ziletso zoikidwa pa dzikolo, nanena kuti nzosalungama popeza zimapweteka osauka.

Tsono maiko anasintha njira. M'malo molanga dziko lonse anayamba kulemba mndandanda wa maina. Dzina lako likalowapo, ndalama zako za ku banki zimamangidwa, sungagulitse katundu wako, sungalowe m'maiko amene akulembawo, ndipo aliyense wokupatsa ndalama wapalamula. Nzeruyi inali yabwinopo, chifukwa inkalunjika pa olakwa osati pa anthu wamba. Komabe inabala vuto lina. Amene amalemba dzinalo si woweruza ai, ndi nthumwi za maboma zokumana m'chipinda chotseka, kawirikawiri potsamira mau a akazitape amene sawaonetsa kwa munthu aliyense. Mwini dzina amangodzidzimuka banki yamukana. Sanaitanidwe, sanauzidwe mlandu wake, ndipo chilangocho chilibe tsiku lothera.

Munthu amene anamvedwa napambana

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yassin Abdullah Kadi, wamalonda wa ku Saudi Arabia, analembedwa pa mndandanda wa United Nations mu Okutobala 2001 pomuganizira kuti ankathandiza gulu la zigawenga la Al-Qaeda. Nthawi imeneyo panalibe njira yoti munthu payekha akadandaule ku United Nations. Boma lokha ndilo likanamulankhulira. Popeza maiko a mu European Union anali atamanga chuma chake potsata mndandandawo, iye anawasumira ku khoti lawo la ku Luxembourg. Mu 2005 analuza. Oweruza anati zimene nthambi ya chitetezo ya United Nations yalamula iwo sangazikhudze. Iye anachita apilo, ndipo pa 3 Seputembala 2008 khoti lapamwamba linatembenuza chigamulocho.

Tiyenera kumvetsa bwino zimene khotilo linanena. Silinanene kuti Kadi ndi wosalakwa. Linavomerezanso kuti munthu sangachenjezedwe chuma chake chisanamangidwe, kuopa kuti angachithawitse. Koma linati chikangomangidwa, ayenera kuuzidwa zifukwa, kupatsidwa mpata woyankha, ndi kuloledwa kupita kwa woweruza woima payekha. Atamulembanso dzina, mlandu unabwerera ku khoti, ndipo pa 18 Julayi 2013 oweruza anagamula kuti udindo wobweretsa umboni ndi wa woneneza, si wa wonenezedwa kuti adziyeretse pa zinthu zimene sanazione. Umboni wotero sunabwere.

Khama la munthu mmodziyu, pamodzi ndi milandu ya ena, linasuntha bungwe lalikulu. Mu Disembala 2009 United Nations inakhazikitsa ofesi yolandira madandaulo a anthu a pa mndandanda wa Al-Qaeda, ndipo woyamba kuigwira anali mayi Kimberly Prost wa ku Canada. Kudzera mu ofesi imeneyi dzina la Kadi linachotsedwa mu Okutobala 2012. Zinali zitatha zaka 11.

Munthu amene anamvedwa naluza

Nkhani yachiwiri ndi ya tsidya la Zambezi. Mu Febuluwale 2002 European Union inalemba maina a Robert Mugabe ndi akuluakulu ena a boma lawo chifukwa cha ziwawa za ndale ndi kupondereza ufulu wa anthu. Madandaulo amenewa sanali opeka. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba ndi misika ya osauka m'matauni, ndipo nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka wa ku Tanzania, anapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Mu Epulo 2007 Maepiskopi a Katolika a ku Zimbabwe analemba kalata yodzudzula poyera nkhanza za boma.

Mwezi womwewo dzina la Aguy Georgias linalowa pa mndandanda. Iyeyu anali wamalonda, mwini kampani ya Trinity Engineering, ndipo anali atangosankhidwa kukhala wachiwiri kwa nduna yoona za chitukuko cha chuma. Mu Meyi 2007 anafika pa bwalo la ndege la Heathrow ku London ali pa ulendo wa ku New York, koma anamukaniza kulowa, anamusunga usiku wonse, ndipo m'mawa mwake anamubweza ku Harare. Dzina lake litachotsedwa mu Febuluwale 2011, iye anakasuma ku Luxembourg mu 2012 kufuna chipepeso pa zimene iye ndi makampani ake anataya. Mfundo yake inali yoti palibe choipa chimene iye mwini anachita, anamulemba chifukwa cha mpando wokha.

Pa 18 Seputembala 2014 khoti linakana dandaulo lake. Linati kukhala m'boma limene likupondereza anthu ndi chifukwa chokwanira, popeza cholinga cha chilangocho chinali kukakamiza boma lonse kuti lisinthe. Apilo yake inakanidwa mu Disembala 2015, ndipo iye anamwalira mwezi womwewo. Chimodzimodzi Johannes Tomana, amene anali mkulu wa zamalamulo m'boma la Zimbabwe, pamodzi ndi anthu ndi makampani ena 120, analuza mu Epulo 2015, ndipo apilo yawo inakanidwa mu Julayi 2016.

Ena mwa awerengi athu adzati Georgias analakwiridwa, ena adzati wolandira mpando m'boma lankhanza alandirenso zotsatira zake. Ife tikuona kuti phunziro lili pena. Kumvedwa sikutanthauza kupambana. Kadi anapambana, Georgias analuza, koma onse awiri anauzidwa chifukwa, anayankha, ndipo oweruza osadya nawo m'boma analemba poyera maganizo awo kuti aliyense awayese. Chilango chimene chadutsa pa bwalo lotere chimakhala ndi ulemu, ngakhale kwa amene sakugwirizana nacho. Chilango choopa bwalo chimadzichotsera chokha mphamvu, ndipo chimapatsa wolakwa weniweni mpata wodzionetsa ngati wozunzidwa.

Amene alibe dzina pa mndandanda

Tisaiwale kuti anthu onse amene tawatchulawa anali ndi ndalama zolembera maloya a ku Ulaya kwa zaka zambiri. Pali gulu lina lalikulu limene silinafike pa khomo la khoti, chifukwa maina awo sali pa mndandanda uliwonse, komabe ululu umawapeza. Umawapeza motere. Banki ikamva kuti m'dziko lakuti muli anthu olembedwa, imaopa kulipitsidwa chindapusa ku America kapena ku Ulaya, choncho imaona kuti n'kwapafupi kungodula ubale ndi dziko lonselo. John Bredenkamp, wamalonda wa ku Zimbabwe amene America inamulemba mu 2008, anasumira Standard Bank ya ku South Africa itamutsekera maakaunti, koma mu 2010 khoti la apilo la kumeneko linati bankiyo inali ndi ufulu wotero. Ngati banki ingasiye munthu wolemera chifukwa cha mantha, kuli bwanji kachipatala ka mishoni kapena mwana wotumiza ndalama kwa amayi ake?

Mu Okutobala 2021 nthumwi ya United Nations, mayi Alena Douhan, atayendera Zimbabwe ananena kuti mantha a mabanki ndi makampani anali kupweteka anthu wamba. Maiko a SADC, kuphatikizapo lathu lino, anagwirizana mu 2019 kuti tsiku la 25 Okutobala likhale lopempha kuti zilangozi zichotsedwe. Komanso ndi zoona kuti boma limatha kubisa kuba ndi kulephera kwake kuseri kwa mau akuti masankishoni. Zonse ziwiri nzoona, ndipo wosauka amapsa mbali zonse. Pofika 2014 European Union inali itachotsa kapena kuimitsa pafupifupi maina onse, ndipo mu Marichi 2024 America inathetsa dongosolo lake lakale n'kulemba mwatsopano anthu 11 ndi makampani 3. Mu Disembala 2022 United Nations inagamulanso kuti kumanga chuma kusamatsekereze chithandizo cha chakudya ndi mankhwala. Izi ndi zolimbikitsa, koma mpaka pano wovutika wopanda dzina amadalira kuti wina amulankhulire.

Kulankhulira anthu otere ndi ntchito ya Eklezia. Buku la chiphunzitso cha Eklezia pa za umoyo wa anthu, lotuluka mu 2004, pa ndime 507 silikana zilango za chuma, koma limaziikira malire: cholinga chidziwike bwino, ziunikidwe nthawi ndi nthawi, zikhale ndi pothera, zitsegule njira ya kukambirana, ndipo zisasanduke chilango cha mtundu wonse wa anthu. Ife a dayosizi ino tili ndi chitsanzo cha malemu Kadinala Medardo Mazombwe, Episkopi wa Chipata kuyambira 1971 mpaka 1996, amene sanatope kulankhulira osauka pa nkhani ya ngongole za dziko lathu, zimene iwo sanakongole koma ndiwo ankazilipira.

Mindandanda ya kwathu kuno

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'kosavuta kudzudzula maiko akutali, koma ifenso tili ndi mindandanda yathu yosalembedwa. Msungichuma wa mphakati akaganiziridwa kuti wadya ndalama, anthu amapangana mseri, n'kumuchotsa iye kulibe. Gogo akanenedwa za ufiti, anthu amaleka kugula pa benchi pake, amaleka kumubwereka khasu, ndipo adzukulu ake amasalidwa pa chitsime, chonsecho malamulo a Zambia amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mlimi amapeza dzina lake lafufutidwa pa kaundula wa feteleza wa kopaletivu popanda womuuza chifukwa. Banja limamva kuti laimitsidwa zina za mu mpingo kudzera m'manong'onong'o a pa njira. Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi kumangira munthu chuma asanamvedwe?

Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 18, amapatsa woimbidwa mlandu ufulu womvedwa mwachilungamo. Malamulo a Eklezia nawonso, pa nambala 220, amaletsa kuipitsa mbiri ya munthu popanda chifukwa, ndipo pa nambala 1720 amati ngakhale Episkopi asanapereke chilango adziwitse munthuyo mlandu wake ndi umboni wake, ndi kumupatsa mpata wodziteteza. Ambuye Yesu anatiikira dongosolo pa Mateyo 18:15-17: uyambe wakumana naye yekha mbale wakoyo, kenaka utenge mboni, pomaliza upite ku mpingo. Pa masitepe onse atatuwa mwini nkhani alipo ndipo akulankhula. Tikumbukirenso Suzana pa mutu 13 wa buku la Danieli. Khamu lonse linakhulupirira akuluakulu awiri aja chifukwa cha imvi ndi udindo wawo, ndipo mayi wosalakwa akanafa pakanapanda mnyamata mmodzi woumirira kuti mboni zifunsidwe payekhapayekha.

Choncho tikupempha makomiti a miphakati, a matchalitchi ndi a mabungwe onse a m'parishi kuti asanagamule za munthu adzifunse mafunso anai. Kodi tamuuza mlandu wake momveka, ndi umboni umene tili nawo? Kodi tamumva, iye ali pomwepo, ndipo omumvawo si omwe akumunenezawo? Kodi chilangochi chidzatha liti, ndipo ngati sakukhutira akadandaule kwa yani, kwa akuluakulu a parishi kapena kwa Bambo Mfumu? Nanga ndani wina amene chimugwere, mkazi wake, ana ake, kapena amasiye amene iye akulera? Ngati funso limodzi lasowa yankho, nkhaniyo isagamulidwe tsiku limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sitikunena kuti wolakwa asalangidwe. Wakuba ndalama za mpingo abweze, ndipo wolamulira wozunza anthu ake akumane ndi zotsatira zake, popeza ozunzidwawo nawonso ayenera kumvedwa. Koma Mulungu mwini, amene amadziwa zonse, anayamba wafunsa Adamu ndi Kaini asanawaweruze. Ife amene timadziwa pang'ono chabe, ndipo kawirikawiri zongomva, tilibe chifukwa chodumphira funso limenelo.

M'mapemphero a mwezi uno tikumbukire oweruza, mafumu ndi atsogoleri a maiko, kuti akhale ndi makutu a mbali zonse, ndiponso mabanja onse amene akusenza chilango cha mlandu umene sanapalamule.